Mbiri ya Malemu pa Sikelo

Dikirani kaye, achimwene a sikelo,
musaikole ndi mbedza yanuyo.
Kwathu maliro saikidwa mbiri isanawerengedwe,
ndipo chitsulo ichi chinatilera.

Inu mukuti ndi makilo chabe.
Bambo anga, a Namakhwa, akadamva zimenezo
akadakugendani ndi sipanala ya mainchi,
ija yokana nati za masiku ano.

Malemuwa mtundu wawo ndi wa ku Amereka,
mfunda wawo ndi Fodi.
Agogo awo anali a masilinda anayi,
odzutsidwa ndi handulo m'mamawa,
odzuka mokwiya,
othyola mkono wa wowadzutsa.
Iwowo anabala wina wa anayinso, wophunzirako ulemu,
ndipo ameneyo anabala awa:
masilinda asanu ndi atatu,
anayi uku, anayi uko,
atakhala ngati mbali ziwiri za chinkhoswe,
mutu wafulati, mavavu m'nthiti,
mtima wosachedwa kupsa.

Kutsidya kwa msewu kunali banja la a Shevuleti,
adani a pachibale.
Awo ankafola asanu ndi mmodzi pamzere
ngati ana a sukulu Lolemba.
Pambuyo pake anabala kamwana kafupi, kopepuka,
mavavu kumutu,
kamene zidzukulu zake zikubangulabe kwawoko.
Bambo pokatchula ankalavula kaye,
kenako n'kuvomereza chapansipansi
kuti kanali kanzeru.

Awa anafika m'chifuwa cha lole yobiriwira.
Anasenza fodya kupita ku okushoni ku Limbe,
anatsika ndi tiyi wa ku Thyolo
chiperoni chitatseka maso,
anakwera Chileka ndi njerwa, akutsokomola,
nthunzi ili tolo ngati ketulo ya pamaliro.
Mchimwene wanga Lingisoni ankakhala pamadigadi
ndi chigubu cha madzi a mu Mudi,
kuwamwetsa pa mtunda uliwonse.

Bambo sankawamvera ndi makina.
Ankagunditsa sikuludiraiva pachitsulo,
chogwirira kukhutu,
maso otsinzina ngati akumva uthenga wa kumudzi.
Wachisanu akudwala, ankatero,
ndipo potsegula ankapezekadi wachisanu.

Tisabise, pamaliro pomwe timanenako zoona:
malemuwa anali chidakwa.
Galoni ankaimeza tisanafike pa Ginnery Corner.
Atabwera a ku Japani,
aja opsontha petulo ngati tiyi wa kwa apongozi,
mabwana anatembenuka nkhope.
Lole inadulidwa, thupi linapita ku mbaula ndi zitseko,
mtima wokha anauguguza bambo pa wilibala
mpaka kuseli kwa nyumba yathu ku Ndirande,
kunsi kwa mpapaya.

Zaka makumi atatu ali pomwepo.
Loweruka lililonse ankawathira oyilo wakuda,
kuwapukusa ndi dzanja kuti asaume mafupa.
Tidzaidzutsa, ankatero, gasiketi ikapezeka.
Gasiketi sinapezeke.
Nkhuku yathu yathimbathimba inapeza pakati pa mapewa awo
ndipo inaswa anapiye kasanu ndi kawiri,
ndiye musanene kuti anafa osabereka.

Bambo tinawaika chaka chatha, mvula isanagwe.
Mwandida wanga wasankhidwa kupita ku sekondale,
akufuna fizi, nsapato, sutikesi.
Dzimbiri silipereka mwana kusukulu.

Tsopano kolani.
Muyese bwino, muvi wa sikelo yanu ndimaudziwa,
umanjenjemera ukaona wosauka.
Mazana awiri ndi makumi awiri? Onjezani.
Muli fodya mmenemo, muli njerwa za theka la Chirimba,
muli khutu la bambo anga.

Kumene mukawasungunule sindifunsa.
Mwina adzabwera ngati khasu,
mwina ngati chitsulo cha pawindo la munthu woopa akuba,
osadziwa kuti akumulonda ndi wa kwa Fodi.

Mukawerenga mabowo mupeza limodzi lili pululu.
Musavutike kufunafuna.
Pisitoni yachisanu ndinachotsa usiku,
ili pawindo kwa amayi,
akusungiramo singano.